Mpando wa pa Sitampa

Lolemba
Kalata ya achimwene yafika kuchokera kunja. Zam'katimo n'zomwe zija, kudandaula kuzizira. Koma pa envelopu! Masitampa atatu, onse a mipando yamakono. Dziko lathunthu kulemekeza mipando mpaka kuiika pa sitampa, pomwe ine kuno ku Manjawira apongozi anga aamuna amati ukalipentala wanga n'kusewera ndi matabwa. Zaka zonsezi sanandigulepo ngakhale chipande. Akubwera Loweruka kuchokera ku Mlangeni. Ndikhoma mpando wa pa sitampa yapakatiyo, adzakhalepo, adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru.

Lachiwiri
Sitampa n'njaing'ono ngati chikhadabo. Ndikuiyang'ana ndi magalasi obwereka kwa atelala. Chidindo cha ku positi chagwera pamiyendo yakumbuyo penipeni, kutalika kwake sikukuoneka. Ndingoyerekeza, mutu ndili nawo.

Lachitatu
Chotsamira chake n'chokhota. Zofunika: mgolo, madzi owira, chingwe, mtima wautali. Matabwa awiri athyoka. Lina lakhota bwinobwino, koma mbali yolakwika. Ndikulitembenuza basi. Sindibwerera m'mbuyo!

Lachinayi
Mpando waima! Mayi a kunyumba akuuzungulira kawiri, manja m'chiuno. "Bambo a Tadala, wagwa kale kapena ndi mmene ulili?" Kusayenda n'kuipa.

Lachisanu
Vanishi kawiri, waliwali. Kuuyesa sizitheka, sunaume. Mipando yakale yonse ndakasungitsa kwa aneba kuti apongozi asakhale ndi kosankha. Nzeru zimenezi n'zanga ndekha.

Loweruka
Afika atavala jekete ya kutchalitchi. Akuuyang'ana mpando, akuyang'ana uku ndi uku, palibe wina. Akukhala. Mayo ine! Apita chagada, mawondo pamwamba, chipewa uko, maso kumitambo. Ine ndanjuta poteropo monga mkamwini, maso pansi, ndikupereka moni kwa nsapato. Akuyankha mwaulemu wonse ali chigonere: "Tadzuka, kaya inu." Kudzuka kwake kuti? Akuyesa kawiri, mpando ukukana. Kuwagwira dzanja sindingathe, apongozi sagwiridwa chisawawa. Mapeto ake mayi a kunyumba ndi akazi a aneba akugwira chotsamira, wina uku wina uku, kunyamula n'kuwakhuthula kutsogolo. Akutera choimirira, vanishi kumsana konse. Manyazi andigwira. Nkhuku tapha, koma ine sindikumva kukoma.

Lamulungu
Anyamuka m'mamawa, jekete m'jumbo. Kwa ine sananene kanthu, uthenga asiyira mwana wawo. Ati chinthucho n'cholimba, chanyamula munthu wamkulu osathyoka, ndipo chimakhuthula bwino. Ati ndangoiwala teyala. Akufuna wilibala ziwiri zoterozo asanayambe kukumba kachewere.

Aka n'koyamba kuti andipatse ntchito. Mawa ndipita kumsika kukafuna mateyala.