Tsiku limene ndinatchula Leicester yense pa wailesi ya ku America

Mpaka lero mwana wanga Tadala akandiona ndikuyandikira maikolofoni, ngakhale ya kutchalitchi, amatuluka panja. Akuti mtima wake sungapirire kawiri. Ine ndimati akukokomeza, koma poti ena mwa inu nkhaniyi munaimva mopotoka, lekani ndifotokoze ndekha mwini wake.

Tadala anabadwira konkuno ku Leicester. Chichewa amamva chonse, makamaka akamanenedwa, koma poyankha amayankha m'Chingerezi. Mawu oimbira ndiye Mulungu anamupatsa (anatengera kuchimuna, ngakhale mayi ake amatsutsa). Nthawi ija aliyense kuno ankangokangana za Brexit, zoti dziko lino lituluke mu mgwirizano wa maiko anzake, iye ndi anzake awiri anapeka nyimbo, n'kukaijambula m'galaja ya a Zulu, m'bale wathu wa ku Zambia wokhala ku Evington. Ine ntchito yanga inali kuwaperekeza pagalimoto ndikaweruka ku weyahausi ku Corby, koma ndinadzipatsa ndekha udindo wa manejala.

Tsono kwathu nyimbo siyenda yokha. Woimba waulemu amatchula anthu amene anamugwira dzanja, ndipo ife anatigwiradi. Mayi Nachisale, nesi mnzake wa mkazi wanga, anatibwerekera kiyibodi ya amayi a kutchalitchi. A Mbewe anatikonzera galimoto itatifera pa raundabauti mvula ili pamsana. Ena anaphika, ena anapemphera. Aliyense wondifunsa kuti, “Nanga ife timveka?” ndinkangoti, “Musadandaule, dzina lanu lilimo.”

Tsiku lomaliza kujambula ndinapempha kuti ndinene mawu awiri koyambirira kwa nyimboyo. Mawu awiriwo, amene anali maina a onse otigwira dzanja aja, atatha, a Zulu anavula mahedifoni n'kundiyang'ana.

“Ba mudala, iyi ni nyimbo olo ni mwambo wa maliro?”

Ndinawauza kuti aliyense adziwe za ntchito yake.

Maloto a Tadala anali akuti nyimboyo imveke ku America. A Zulu anamuchenjeza kuti asaike mtima. Anati kuno nyimbo ikalowa pa wailesi imodzi yaikulu, dziko lonse lamva. Kuja tauni iliyonse ili ndi mawailesi ake, ndipo iliyonse imaimba mtundu umodzi wokha wa nyimbo, yako ikapanda kukwana m'bokosi lawo amangoikankhira pambali. Oimba odzaza mabwalo kuno akafika uko amakayamba ngati ana a sukulu, kugogoda khomo ndi khomo, ndipo ambiri amabwerako manja ali m'khosi.

Koma ife tinali ndi a Gondwe, msuweni wa mkazi wanga wokhala ku Indiana, ku America komweko, amene amapemphera limodzi ndi muulutsi wa kawailesi kena ka m'tauni mwawo. Muulutsiyo atamvera nyimboyo anatumiza yankho. Anati mtsikanayo amaimba, ndipo adzamuika kamodzi pa pulogalamu ya Loweruka, kenako n'kumuimbira foni kuti adzitchule yekha kwa omvera. Anthu akaipempha idzabwerezedwa, akapanda kutero zathera pomwepo. Koma mkulu wolankhula koyambirira uja achotsedwe. Akuti omvera awo amakhala ali m'galimoto chala chili pa batani, ukachedwa kufika pokoma apita kale.

Mkulu wolankhulayo ndinali ine, ndipo zinandipweteka. Komabe ndinauza a Zulu kuti apange nyimbo ziwiri, ya maina ya kuno, yopanda maina ya kuja. Sindinauze munthu wina aliyense. Ndinkati Lowerukalo tidzamvera mwakachetechete, banja lokha, ndipo palibe adzadziwe. Ndinaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndinaiwalanso kuti ndinakwatira mkazi amene nkhani yabwino siigona m'kamwa mwake. Anailengeza pagulu lathu la pafoni.

Loweruka masana nyumba yathu ya ku Wigston, m'mphepete mwa Leicester, inadzaza mpaka pamasitepe. Manesi anabwera ndi yunifolomu kuchokera ku shifti, a Mbewe anavala suti ya ukwati, abusa anakhala pampando wanga. Tinalumikiza laputopu ku sipika yaikulu. Ine thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira.

Nyimbo inayamba, mawu a Tadala okhaokha, oyera, ochokera kutsidya la nyanja. Kukoma kwake kunali kosaneneka, koma m'chipindamo palibe ankamvera kukomako. Aliyense anali atatchera khutu kudikira dzina lake.

“Mwina maina anawasamutsira kumapeto,” anatero Mayi Nachisale.

Mapeto anafika, ndipo kunalibe kanthu. A Mbewe anakonza tayi yawo pang'onopang'ono.

“Achimwene, kodi dzina langa lagwera m'nyanja paulendo?”

Tadala, pozindikira zimene bambo ake anachita, anathawira kukhitchini n'kusiya foni yake patebulo. Nthawi yomweyo foniyo inalira. Munthu wanzeru akanamuitana mwini wake. Ine ndinayankha, ndipo patapita kamphindi ndinamva “Halo” wanga akutuluka pa sipika. Ndinali pa wailesi ya ku America.

Muulutsi anafunsa kuti ndine ndani, ndinati ndine bambo ake. Anasangalala, n'kundipempha kuti ndinene mawu ochepa okhudza mwana wanga. (Mawu ochepa. Akanafunsa kaye a Zulu.) Ndinayang'ana nkhope zonse zija zitandizinga, ndinatsokomola, n'kutulutsa Chingerezi changa chapatchalitchi.

Ndinayamba ndi abusa, monga mwa ulemu. Dzina lawo litamveka pa sipika, anaimirira n'kukweza manja. Ndinatchula Mayi Nachisale ndi kiyibodi yawo, nthungululu inalira. Ndinatchula a Mbewe, ndinafotokozanso vuto limene galimoto inali nalo. Muulutsi anati, “Zikomo kwambiri, bambo,” ine ndinati, “Pepani, sindinamalize.” Ndinalowa kwa amayi ophika, kwa a Zulu ndi galaja yawo, kwa anzanga a pa basi ya shifti ya ku Corby amene sanachite chilichonse koma ndinawalonjeza. Ena ankandinong'oneza maina a apongozi awo a ku Kasungu, ine n'kumangoponya. Muulutsi uja anayesanso kundidula kawiri, kenako anangoyamba kuseka mpaka kutsamwa. Anamupulumutsa ndi otsatsa malonda, amene analowa ndili pakati pa banja la a Chirwa.

Munthu akanaona chisangalalo chake! Amayi anavina ndi nsapato za kuchipatala, a Mbewe anandinyamula, mzungu woyandikana nafe anagogoda kudzafunsa ngati timu ya mpira ya Leicester yawinanso chikho. Kunena zoona, sindinayambe ndadzimva kukula ngati tsiku limenelo.

Kenako ndinaona Tadala ataima pakhomo la khitchini. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, m'Chingerezi chake chija.

“Adadi, mwatchula aliyense. Ine simunanditchule. Ngakhale dzina la nyimbo.”

Ndinabwerera m'mbuyo m'mutu mwanga, dzina ndi dzina, ndipo zinali zoona. Mphindi zimene anapatsidwa kuti America imudziwe ndinazigawa kwa anthu a kutchalitchi. Omvera akanapempha bwanji nyimbo yosaidziwa dzina, ya woimba wosamudziwa dzina? Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Alendo ankadya mosangalala, ine ndinapita kwa Tadala. Ndinapepesa, iye anangogwedeza mutu n'kukwera kuchipinda chake, ndipo masiku otsatira m'nyumba ndinkayenda monyang'ama.

Mkati mwa sabata a Gondwe anaimba foni akuseka. Akuti chichokereni Loweruka mafoni a kuwailesi kuja sanapume. Anthu ankapempha nyimbo ya mwana wa bambo wa maina uja, ena ankafuna kudziwa ngati galimoto inachira. Muulutsi anati aibwereza, ndipo alankhula ndi Tadala mwini wake, pokhapokha bambo ake atakhala kutali ndi foni.

Loweruka lotsatira anandithamangitsa m'nyumba mwanga momwe. Ndinakaimika galimoto kuseri kwa sitolo, n'kumvera pa foni yanga mawindo nditatseka. Ndinamva mwana wanga akutchula dzina lake, ndi la nyimbo yake, modekha ngati munthu amene anabadwira pa wailesi. Ndinalira, osati pang'ono, mpaka mayi wina wokankha tirole anagogoda pawindo kufunsa ngati ndili bwino. Nyimboyo inaimbidwa masabata angapo, ndipo wailesi ina ya tauni yoyandikana nayo inaitenga.

Tadala anandikhululukira, koma akuti phunziro langa ndi lakuti foni ya mwini sayankha. Ndavomera, ndipo ndimabwereza mawuwo nthawi zonse akakhala pafupi. Koma akachoka ndimauza a Zulu maganizo anga enieni. Oimba a kuno sikuti amasowa luso ku America ayi. Vuto lawo amapitako okha, makolo atawasiya kunyumba.