Seu Valdomiro, Mdani wa Nkhuku

Mukafika mu msewu wathu wotsetsereka uja, ku tauni yathu ya kumapiri a Minas, n'kutchula dzina la malemu Seu Valdomiro, palibe amene angayambe kukuuzani za buledi wawo, ngakhale anali buledi woti n'kudya wopanda batala. Aliyense amayamba ndi nkhuku. Bambo amenewa, eni bekale ya pakona, ankadana ndi nkhuku tsiku limodzi lokha pa chaka, lomaliza la Disembala, koma chidani cha tsiku limodzilo chinkakwanira chaka chonse.

Masiku amenewo mauvuni a m'nyumba anali timabokosi, choncho nyama ya phwando tonse tinkapita nayo ku uvuni wawo wa njerwa. Pa Khirisimasi ankalandira chilichonse uku akuimba, ngakhale nkhukundembo zonenepa ngati makanda oyamwa bwino. Koma likafika tsiku lotsekera chaka, ankaima pakhomo ndi chifosholo chawo chamtengo ngati msilikali wa pachipata.

"Chopalasa chammbuyo sichilowa muno!" ankatero. "Nkhumba imafukula chamtsogolo. Nsomba imasambira chamtsogolo. Nkhuku ikafuna chakudya imaponya dothi kumbuyo. Mukufuna chaka chanu chiponyedwe kumbuyo?"

Mwambowo tonse timaudziwa, ndipo ambiri timautsatira mwa apo ndi apo, monga timachitira ndi kuvala zoyera pa tsikulo. Koma iwo anali ndi umboni. Akuti bambo awo anadya tambala potsekera chaka, ndipo mwezi usanathe bulu anafa, denga linagwa, kenako apongozi amene anali atasamukira ku mzinda wa Belo Horizonte anabwerera kudzakhala nawo.

"Mpaka apongozi kubwerera m'mbuyo! Mukufunanso umboni wanji?"

Amene sankazimva zimenezi anali Dona Odete, mayi a nyumba yoyang'anana ndi bekaleyo. Amuna awo anamwalira ana akadali ang'onoang'ono, ndipo ana onsewo anawalera ndi nkhuku za kuseri kwa nyumba. Kwa iwo, wonyoza nkhuku wanyoza mayi awo owabereka. Chinanso, Seu Valdomiro ndiwo ananyamula mwana wawo woyamba pa ubatizo, ndiye ankaitanana compadre ndi comadre, ubale woti sutha ngakhale mutalalatirana chotani. Mwayi umenewu anaugwiritsa ntchito mokwanira.

Chaka china Dona Odete anapha thadzi lonona, nalikulunga ndi timizere ta mafuta a nkhumba, nagula makutu awiri a nkhumba ku butchala n'kuwasokerera pakhosi pake. Anaphimba thireyi ndi chipepala chonyezimira, naima pamzere nkhope ili phee ngati munthu wopita kukalandira ukalisitiya.

"Mwaswera bwanji, compadre? Kamwana ka nkhumba aka."

Seu Valdomiro ananunkhiza, nakweza chipepalacho ndi chala chimodzi.

"Comadre, kankhumba kanu kali ndi mapiko."

"Ndi mtundu watsopano. Wochokera ku São Paulo."

"Miyendo iwiri?"

"Ina ija tinadya pa Khirisimasi."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Seu Valdomiro osaseka n'komwe, anatenga lumo, nadula ulusi, naika makutu awiriwo pa kathireyi kawokawo n'kukalowetsa mu uvuni.

"Izi zokha ndalandira. Mudzatenge madzulo."

Dona Odete anabwerera ndi thadzi lawo, nakaliphika ndi therere lobala, natsekula mawindo onse akumsewu kuti fungo liwoloke. Seu Valdomiro anatseka kunsi kwa chitseko ndi chiguduli chonyowa.

Chaka chotsatira Dona Odete anasintha nzeru. Ankadziwa kuti compadre wawo sangakane rabanada, buledi wogonetsa uja wonyika mu mkaka ndi mazira, wokazinga n'kumuwaza shuga ndi sinamoni. Anawoloka ndi mbale yodzaza, naima chapambali mpaka itafika pakati.

"Akukoma, compadre?"

"Manja anu adzalowa kumwamba, comadre, inu mutatsala panja."

"Muli mazira mmenemo. A nkhuku zanga."

Nsagwada zinaima. Shuga ali mbuu pa ndevu, bambowo anayang'ana mbale, nayang'ana kudenga, thukuta lili kamukamu.

"Dzira silipalasa," anatero potsiriza.

"Mayi ake amapalasa."

"Tchimo la mayi asalisenze mwana." Anatenganso wina.

Ngakhale Padre Anselmo, wansembe wathu, analawako. Atangofika kumene m'parishi, mkhristu wina anawapatsa nkhukundembo, ndipo iwo, posadziwa za kuno, anainyamula okha mpaka ku bekale pa tsiku loletsedwalo.

"Seu Valdomiro, izi ndi zikhulupiriro chabe. Mbalame ili ndi mphamvu yanji pa chaka cha Mulungu?"

"Abambo, pamene Petro ankabwerera m'mbuyo, kukana Ambuye wake, chinalira n'chiyani?"

"Tambala, komatu..."

"Basi."

Wansembeyo sanafune kugonja pamaso pa nkhosa zawo. "Nanga ziwanda zija zinalowa mu chiyani? Si nkhumba zanuzo, zimene zinakathera m'nyanja?"

"Zinathamangira kuti?"

"Kuphompho."

"Chamtsogolo, abambo. Palibe ngakhale imodzi imene inabwerera."

Padre Anselmo anatuluka ndi mbalame yawo ili m'manja, makutu ali psuu. Dona Odete anali akuwadikira kale pageti.

"Bwerani nayo kuno, abambo. Mphika wanga ulibe tsankho."

Ndiye kunabwera chaka cha madzi. Mvula inayamba Khirisimasi isanafike, osalekeza. Mtsinje unasefukira, nutenga mlatho, nulowa m'nyumba zonse za msewu wakumunsi. Mabanja a kumeneko anathawira ku holo ya tchalitchi ndi zovala za m'thupi zokha. Galimoto ya nyama sikanatha kuwoloka, ndipo nkhumba za m'makola a m'mbali mwa mtsinje zinapita ndi madzi. Kuseri kwa Dona Odete nako kunafika madzi. Khola linagwa, nkhuku anazipeza zitaunjikana pa chitseko chakale chimene chinkayandama chitakodwa pa mtengo wa mango. Anazipulumutsa okha, madzi ali m'chiuno.

M'mawa wa tsiku lotsekera chaka anapita ku holo kukasiya mabulangete. Anapeza ana akutafuna mabisiketi olowa chinyezi, akuluakulu atangokhala pa matiresi. Kamtsikana kena kanafunsa mayi ake ngati chaka chatsopano chibwerenso kuno kapena chikafikira kutsidya popeza mlatho kulibe.

Dona Odete anabwerera kwawo nakaima nthawi yaitali pakati pa nkhuku zawo. Iliyonse ankaidziwa ndi dzina, ndipo ndizo zinali munda wawo ndi ntchito yawo. Anasiya zochepa za mbewu, zina zonse anapha. Atazisosola anazisanja mu wilibala, osaphimba ndi kanthu. Nkhuni zouma ndi uvuni wokwanira khamu lotere zinali pamalo amodzi okha m'tauni monse.

Anawoloka msewu, ndipo aka kanali koyamba kupita ku bekale alibe nthabwala m'kamwa. Ankadziwa chimene ena sankachiona, kuti kwa compadre wawo nkhaniyi sinali sewero. Munthuyo ankaopadi.

"Compadre, lero sindinabwere kudzakangana. Ku holo anthu alibe chakudya. Izi ndi nkhuku."

Seu Valdomiro anayang'ana mu wilibala, nkhope n'kugwa.

"Anthu ataya kale nyumba, comadre," anatero motsitsa mawu. "Ndiwaonjezerenso chaka cha chammbuyo ndi manja anga?"

"Kumbuyo kwake kutinso? Afika kale pakhoma."

Bambowo anazungulira wilibala, nazunguliranso, akupukuta manja ouma pa epuloni. Kenako Seu Valdomiro anaima.

"Munazipeza kuti?"

"M'madzi, zikuyandama pa chitseko."

"M'madzi?"

"Eya."

"Munazivuula ndi chiyani?"

"Ndi dengu."

"Ndiye mukunditayitsiranji nthawi, mayi inu? Chovuulidwa m'madzi ndi dengu ndi nsomba!"

Nthawi yomweyo Padre Anselmo ankadutsa atasenza thumba la mpunga.

"Abambo! Tabwerani muchitire umboni. Izi n'chiyani?"

Wansembeyo anayang'ana miyendo yoloza kumwamba ija, nayang'ana Dona Odete, amene anawatong'olera maso.

"Ine za nsomba sindidziwa bwino," anatero, "koma zikuonekadi kuti zadutsa mu mtsinje wathu."

Uvuni unayaka tsiku lonse. Nsombazo anazikhutiza adyo ndi ndimu mpaka zinafiira bwinobwino. Seu Valdomiro anakazinga farofa beseni lathunthu, ufa wa chinangwa, anyezi ndi batala yense amene anatsala m'bekale. Buledi wosagulidwa yense anasanduka rabanada m'manja mwa Dona Odete. Amayi a ku holo anaphika mpunga wothira mphesa zouma, ndipo ana atayamba kuzitola m'mbale n'kumaziunjika pambali, akudandaula monga amachitira chaka chilichonse, mayi wina anaseka koyamba chichokereni m'nyumba yake.

Wogawa anali Seu Valdomiro mwini.

"Mukufuna chipsepse kapena mchira?"

"Ndipatseni ntchafu ya nsombayo," anatero mkulu wina wopanda mano.

"Nayi. Musamale minga."

Onse atalandira, anadziikira kachidutswa kawo. Bambowo anachita chizindikiro cha mtanda, natsinzina, naluma. Sakanalola kuti anthu adye okha chinthu chimene iwo ankachiopa. Dona Odete anatembenuka n'kuyamba kukonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale.

Mukuganiza kuti nkhondo inathera pomwepo? Chaka chotsatira mlatho unamangidwa, anthu anabwerera m'nyumba zawo, ndipo Dona Odete anatulukira ndi thadzi pa thireyi, madzi akudontha.

"Nsomba, compadre."

"Yavuulidwa kuti?"

"Mu ndowa."

"Kaiponyeni mu mtsinje, mubwere ndi wansembe."

"Nanga chaka chathachi sichinakuyendereni bwino, mutadya nkhuku?"

"Ndani anadya nkhuku? Munandiona?"

Zinapitirira choncho mpaka onse awiri imvi zili mbuu, wina akukuwa kutsidya kuno, wina kutsidya uko, chifukwa makutu anali atayamba kuvuta. Adzukulu awo ankabwera kuchokera ku mizinda kudzadya phwando, koma tonse tinkadziwa kuti chowakokera chenicheni chinali kudzaonerera mkanganowo. Chaka china Dona Odete anagona m'chipatala sabata ya Khirisimasi. Seu Valdomiro anawatumizira mwendo wa nkhumba wathunthu, chikopa chake chitachita matuza, ndi uthenga woti achire msanga chifukwa mzere wa chaka chino ukugonetsa tulo.

Seu Valdomiro anamwalira mwezi wa Ogasiti, m'bekale momwemo. Atatulutsa buledi woyamba anakhala pa thumba la ufa, nati apumeko pang'ono. Tsiku la maliro tauni yonse inamwa khofi wopanda buledi, ndipo panalibe wodandaula.

Ana awo anagulitsa malowo. Eni atsopano anagumula uvuni wa njerwa, naika pakhomo chimakina chagalasi chija timati TV ya agalu poti agalu amaima n'kumaonerera, mmene nkhuku zimazungulira pa zitsulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masiku ano nyumba iliyonse ili ndi uvuni wake waukulu. Palibenso wokwera msewu ndi thireyi m'manja, palibenso mzere uja mmene tinkamvera kuti akukwatiwa ndani, wathawidwa ndani, farofa wa ndani anapserera. Fungo la nkhumba ya banja lililonse limathera m'makoma a eni ake.

Pa tsiku lotsekera chaka choyamba Seu Valdomiro kulibe, Dona Odete anavala diresi lawo loyera, natenga ndodo, nawoloka msewu masana. Anaima patsogolo pa galasi lija, akuyang'ana nkhuku zikuzungulira.

"Mukugulitsa nkhuku lero, mwanangu?" anafunsa mtsikana wogulitsa.

"Eya, Dona Odete, zatentha kumene."

"Lero? Tsiku lomaliza la chaka?"

"Lero ndiye zikuyenda kwambiri."

Anaima pamenepo, akudikira. Mayankho anali atawakonza kuyambira m'mawa, mwa chizolowezi, ndipo limodzi linali latsopano, lonena za bakha, yankho limene analipeza m'mwezi wa Julaye n'kulisunga kuti lidzawagwetse compadre wawo pa mzere. Mtsikanayo anangomwetulira mwaulemu, mpeni uli m'manja.

"Ndikukulungireni zingati?"

"Ayi, mwanangu. Ndimangodutsa."

Anabwerera pang'onopang'ono, msewu wonse uli zii. Adzukulu awo, amene anali atamva kuti akusunga yankho latsopano, anawafunsa kangapo kuti za bakhazo zinali zotani, koma Dona Odete sanamuuze aliyense. Ankangoti mwini wake anachokapo.