Lilime la a Valdomiro

Mu Santarém monse, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje waukulu, munalibe munthu wolawa dothi ngati a Valdomiro, ometa tsitsi a pafupi ndi doko. Anzawo akafika pamalo achilendo ankafunsa kumene kuli mowa. Iwo ankanjuta, kutapa dothi ndi chala, kuika palilime n'kutsinzina ngati akulawa ndiwo.

Zonsezi zinali chifukwa cha thanki yawo yagalasi, momwe munkamera udzu wa m'madzi ndi kusambira tinsomba tofiira tosakwana n'komwe kukazinga. Ankati dothi lakuda likhale pansi, mchenga pamwamba ngati chofunda, kuti mizu idye koma madzi asade. Ndipo udzu ukakula sazula ayi, amangodula, chifukwa ukazula wavundula zonse zapansi.

Amene anatopa nazo ndi akazi awo, a Zuleide. Chilimwe chilichonse, mtsinje ukatsika, dothi linkabwera m'matumba. Bamboyo ankalinyowetsa, kuliyanika, kulinyowetsanso, ndipo ankayanikira pa nsalu za pabedi. Sefa wa ufa wa chinangwa anathera komweko. Tsiku lina a Zuleide anapeza mphika wawo waukulu ukubwata pamoto, ndipo atavundukula anapeza matope.

"Bambo inu, kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena nyongolotsi?"

"Nyongolotsi ndiye imadziwa nthaka, mayi. Vundikirani, musathiremo mchere."

Ometedwa nawonso anaziona. Munthu ankakhala pampando mutu utametedwa mbali imodzi, chifukwa a Valdomiro aona matope okongola kunsapato kwake ndipo akufuna adziwe kaye kumene waponda.

Koma chimene anthu amakumbukirabe ndi maliro a mlamu wawo. Wansembe ali mkati mopemphera, a Valdomiro anawerama pamulu wa dothi la manda, kulawa, n'kulavula. Pobwerera anauza akazi awo kuti kumandako ndi mchenga wokhawokha, wozizira, woti ngakhale nyerere zimasamuka, ndipo asadzayerekeze kuwagoneka m'menemo. A Zuleide anayankha kuti ayambe afa kaye, za mchenga adzakambirana pambuyo.

A Valdomiro anamwalira mvula itangoyamba. Manda ndi omwewo, ena kulibe. Mvula inagwa mpaka mtsinje unadzaza, mitumbira yoyandikana inamera tiudzu, koma pa a Valdomiro panali mbee, ngati mutu umene anaumeta okha. A Zuleide anadziwa kuti mwamunayo wanyanyala, ndipo mtima wawo sunakhazikike.

Kuseri kwa nyumba kunali kutatsala beseni la dothi lakuda lomwe bamboyo anasefa komaliza. A Zuleide analikweza m'basi yopita kumanda, miyendo ikuwawa. Wosamalira manda anafunsa ngati akufuna kudzalapo chinangwa. A Zuleide anapalasa mchenga pamtumbirapo, kuyala dothilo, n'kubwezera mchengawo pamwamba bwinobwino. Kenako anacheuka uku ndi uku, natapa pang'ono ndi chala, naika palilime.

"Lakolera, bambo. Gonani tsopano, ine ndatopa."

Masiku ano nsalu za a Zuleide n'zoyera, sefa anabwerera kukhitchini, ndipo amuna a kudoko amametedwa mutu wonse nthawi imodzi, n'kutuluka opanda nkhani yokafotokoza kunyumba. Pamtumbira paja udzu unamera wobiriwira kuposa wa m'thanki. Ukatalika, a Zuleide amapita ndi lumo la malemuyo n'kuudula pang'onopang'ono. Sazula ayi, kuopa kuvundula amene ali pansi.