Disiki Yokana Kutsika pa Seva

Lolemba
Disiki yakale ya pa seva ya kopaletivi yathu ikulira khe-khe-khe ngati nkhuku yachitopa. M'menemo ndi momwe muli maina a alimi a ku Rivirivi ndi ku Chikweo oti alandire mbewu ya thonje. Kwina kulibe. Ntchito njochepa: kuitsitsa, kukopera zonse pa yatsopano, kukamwa tiyi. Ndikulemba umount, lamulo loitsitsira. Yankho: ili bize. Bize ndi ndani? Pa ofesi yonse ino tilipo asanu!

Lachiwiri
Ndikuzimitsa:
pulinta,
kompyuta ya asekiletale,
nyimbo za kwaya za adalaivala (zinalowa bwanji pa seva?).
Idakali bize. Ndakwiya mpaka ndaiwala kudya.

Lachitatu
Ndawagwira! Seva ikuloza kompyuta ya a Likoswe, akalaliki athu. Fayilo ya maina anaisiya chitsegulire. Mkuluyu sadina batani losunga zolemba asanamalize, akuti, "Ndiwo sitiphula zisanapse." Maina amene walemba masabata awiri ali lende, ndikatsitsa disiki mokakamiza apita onse. Ofesi yawo njokhoma, kiyi ali m'thumba mwawo, eniake ali kumaliro a achimwene awo ku Phalula.

Lachinayi
Ndiwaimbire foni? Abwana: "Iyayi! Munthu ali pasiwa muzimufunsa za fayilo? Munaleredwa kuti inu?" Ndithyole loko? "Iyayi!" Chabwino, tonse tikhale pansi tizimvera disiki ikulira.

Lachisanu
Minibasi ya ku Phalula, kukatenga kiyi. Ndapepesa maliro, ndaimba nawo, ndaponya nawo dothi. A Likoswe akundigwira dzanja, misozi mbwee: "Mpaka kuno chifukwa cha ine, mwana wanga?" Makiyi ndikuwamva ndithu akulira m'jekete mwawo. Koma ndawatsazika osawapempha kiyi! Ndabwerera chimanjamanja. Chitsiru ine!

Loweruka
Magetsi azima mmawa. Mabatire osungira magetsi atha masana. Seva zii, kompyuta ya a Likoswe zii. Magetsi atayaka, disiki ija siikuliranso, siikuoneka n'komwe. Sabata yonse bize, lero yangodzifera osatsazika!

Lamulungu
Ulaliki sindinaumve. Ndagula makope awiri ndi zolembera, ndabwereka njinga. Mvula ili pafupi, alimi akudikira mbewu. Mawa Rivirivi, kenako Chikweo, khomo ndi khomo, kulembanso maina onse. A Likoswe atumiza uthenga: "Zikomo polira nafe. Ndifika mawa, angotsala maina atatu okha."
Ndawayankha kuti ayende bwino.