Kagalasi ka pa Loko Wanga

Ine Mwanza yonse imandidziwa ndi mawu. Ndikapereka moni pa msika wa pa boma, a kuchipatala amayankha. Koma sindinkadziwa kuti mawu omwewa angakandichititse manyazi ku Blantyre ine ndili chiimire pakhonde panga.

Mayi a ana anga atamwalira, mwana wanga Esinati, amene amagwira ntchito ku Blantyreko, anatopa nane pa nkhani yotaya makiyi. Anabweretsa loko wa mabatire, wopanda kiyi. Ukangodindapo chala, chitseko n'kutseguka. Ndinanyada, abale. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikudinda chala pomwe anzanga akusaina (ena akumwetulira cham'mbali, ndimawaona). Tsopano chala chomwecho chinasanduka kiyi. Ndinaitana anansi onse kuti ayese zala zawo. Loko anawakana mmodzimmodzi.

Pamwamba pake panali kagalasi kakuda, kangati diso la nkhuku. Esinati anafotokoza ntchito yake, koma ine ndikamayankhula sindimva za wina. Ndinangoti n'koonerapo ndevu.

Tsono pa msika paja panali mayi wina wamasiye, a Nambewe, ogulitsa manachesi. Mtima wanga unagwa pa iwo, koma ndikafika pamaso pawo mawu onse aja ankathawa. Ndinkangogula manachesi n'kubwerera (ndinadya manachesi chaka chimenecho mpaka mano kuyayamira). Ana sindinawauze, kuopa angati ndaiwala msanga mayi awo. Ndiye m'mawa ndikavala jekete ndinkaima pa kagalasi kaja n'kumayeseza.

"A Nambewe, ine ndine mwamuna wokwana. Mbuzi ndili nazo, nyumba ya malata, mano atsala ambiri ndithu."

Tsiku lina ndinawonjezera kugwada. Bondo linakana kudzuka, ndinachita kukwawa mpaka pa mpando.

Loweruka lake Esinati anangotulukira osanena. Anakhala pa mkeka, nkhope yosaseka.

"Ababa, a Nambewe ndi ndani?"

"Sindikuwadziwa."

Anatulutsa foni. M'menemo munali ine ndi jekete langa, ndikukwawa. Kagalasi kaja kanali diso ndi khutu lomwe. Aliyense woima pakhomo kankamujambula n'kutumiza kwa Esinati. Achimwene ake a ku Joni anali ataonera kale.

Ndinafuna kukalipa, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a munthu wina. "Ndiye ukuti ndawaiwala amayi ako?"

Anapukuta misozi, kaya inali yoseka kaya yolira. "Ayi, ababa. Olakwa ndife, kukusuzumirani m'nyumba mwanu momwe ngati ndinu wakuba. Disoli ndilitseka lero. Koma za mano zija muzisiye. Mukangowauza kuti mumasungulumwa."

Lolemba ndinakanena zomwezo pa msika, motsitsa mawu mmene ndikanathera. Ogulitsa tomato a kumzere wakutali anaomba m'manja. A Nambewe anaphimba kumaso ndi chitenje.

"Bambo inu, tumizani ankhoswe kwathu. Msika wonsewu sungakwane pa mkeka."

Lero loko uja amadziwa zala ziwiri, changa ndi cha a Nambewe. Esinati akuti diso analitseka, ndipo mwana wanga sanama, komabe ndinamatapo phula. Ndikakhala ndi mawu ofuna kuyeseza ndimapita nawo kukhola, poti mbuzi zilibe foni. Kungoti a Nambewe akuti amamva zonse ali kumjigo.