Tsiku limene ndinagulitsa apongozi anga pa intaneti

Mpaka lero ndikamadutsa pa Tsangano ndimayenda chowerama, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Apongozi anga aamuna, a Jere, anali wapampando wa gulu la alimi a mbatata ndi mbuzi kumeneko. Atamva kuti mkamwini wawo anaphunzira za makompyuta, anandipempha kuti ndipangire gululo webusaiti yoti ogula a ku Lizulu aziona katundu. Ndinavomera msangamsanga (apa n'kuti nditangokwatira kumene, ndiye ndinkafuna kuoneka ngati munthu).

Pamwamba pa tsambalo ndinaika chithunzi cha a Jere atavala jekete, pambali pake mbuzi zogulitsa, mawu ofotokoza ali m'munsi. Nditatsegula pa bulawuza ya pa laputopu yanga, ija pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti, zonse zinali pamzere ngati asilikali.

Mkazi wanga anati, "Bwanji muyesenso pa foni yaing'ono? Kwathu anthu amatsegulira pa kabulawuza kaja kosatha bandulo."

Ndinamuyankha kuti akatswiri sayesera ntchito pa timafoni ta mabatani. (Mawu amenewa ndinawalankhula nditapingasa miyendo.)

Loweruka tinapita kukawaona. Apongozi anatifunsa za ulendo, kenako anatulutsa foni yawo m'thumba.

"Akamwini, dzulo andiimbira a Yusufu, aja a butchala ku Lizulu. Akufunsa kuti ndimalemera makilogalamu angati."

Sindinamvetse mpaka atandipatsa foniyo. Pa kagalasi kakang'onoko zithunzi zinali zitandondozana chotsika, mawu atasemphana nazo. Pansi pa nkhope ya apongozi, ndi jekete lawo lomwelo, panalembedwa kuti: "Tonde wamkulu, wonenepa bwino, amadya chilichonse. Mtengo tikambirana." Pansi pa mbuzi yeniyeniyo panali: "Wapampando wathu, wanzeru ndi wokhulupirika."

Ndinayamba kufotokoza kuti mabulawuza amasiyana, ena amasanja tsamba mwanjira yawoyawo. Iwo ankangomvetsera modekha.

"Ndamva. Nanga mwa alimi athu ndi ogula athu, ali ndi laputopu ndani?"

"Palibe, bambo."

"Ndiye munapanga yoti muziona nokha." Anatenga foni yawo n'kuibweza m'thumba. "Zonenepazo sindikukana. Koma zoti ndimadya chilichonse muchotse, mayi anu angaganize kuti ndimadyera kwina."

Apongozi aakazi anaseka mpaka kukhala pansi.

Ndinakonza tsiku lomwelo, ndikuyesera pa foni yawo yomweyo. Koma chithunzi chija chinali chitazungulira kale m'mafoni, moti pamsika ena amawaitanabe kuti a Tonde.

Masiku ano ndikapanga webusaiti ndimayamba ndafunsa kuti eni ake azitsegulira pati, n'kuyesera pomwepo kaye. Apongozi nkhaniyi sanaitchulenso. Kungoti akapha mbuzi pa Khirisimasi, mutu amaika m'mbale yanga, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Muuyang'anitsitse, akamwini, kuti muzitisiyanitsa."