Paini Wongowonjezera

Kalekale, m'nkhalango ina ya m'mbali mwa phiri, kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa, munkalamulira Nyani. Nyama za kumeneko zinkaotha muwanga, nkhuni yaulemu wake. Ukasonkha madzulo, m'mawa umangofukula phulusa n'kupeza makala ali psuu.

Chaka china kutayamba kuzizira, Nyani adaitanitsa msonkhano nakwera pachulu.

"Abale anga okondedwa," adatero, "ine sindigona tulo poganizira inu. Kuyambira lero muziothanso paini. Muwanga sitikukulandani ayi. Paini ndi wongowonjezera."

Fisi, Nduna ya Nkhuni, adaponya chikuni cha paini pamoto. Chidalilima n'kumathetheka, malawi mpaka m'mwamba, ndipo nthungululu zidamveka nkhalango yonse. Mkati mwa phokosolo Nyani adanenanso kuti, pofuna kuteteza muwanga kuti usathe, aliyense akadula azikausungitsa kunyumba yachifumu. Ndi ochepa adamva zimenezo.

Amene adaomba m'manja koposa onse ndi Njiri, chonsecho ndiye amene Chauta adam'mana ubweya. Kunyumba mkazi wake Nasibeko anali atangochira, tiana tosalala ngati mbatata.

Paini alibe mlandu. Poyatsira moto palibe womuposa, kungoti alibe mawa. Tambala akamalira, phulusa lake limakhala litazizira kale. Choncho m'mawa uliwonse nyama zinkakwera phiri, phale m'manja, chikuni cha muwanga pamutu, kukapala moto kwa mfumu. Pachipata zinkatula chikunicho, kuimba nyimbo yothokoza, kumvera zolankhula za Nyani, kenaka Fisi n'kupatsa aliyense khala limodzi. Zinkabwerera zikuyamikira kuti mfumu iyi ndi yopatsa.

Tsiku lina kutacha, Nasibeko adagwedeza mwamuna wake.

"Abambo ake, thamangani. Kachitsirizira aka kasiya kuyamwa, kakungonjenjemera."

Njiri adatola phale nauyatsa liwiro. Za muwanga adazikumbukira atafika kale pachipata.

"Chikuni chili kuti?" adafunsa Fisi.

"Bwana, mwana wanga akufa ndi chisanu. Mawa ndidzabwera nazo ziwiri."

"Boma lamva chisoni kwambiri," adatero Fisi akuotha kumbuyo. "Nkhani ya ana ozizidwa tiikhazikitsira komiti. Wotsatira."

Njiri adatsika phiri misozi ili chuchuchu, phale lili lopanda kanthu. Panjira yopapatiza adatsekereza Nungu, mnansi wake amene sankayankhulana naye chifukwa cha mkangano wa chinangwa.

"Mukulirira panjira ngati kwanu kulibe khonde," adatero Nungu. "Bweretsani phalelo kuno."

Adaswa khala lake pakati, theka nam'ponyera.

"Kodi moto wa mfumu umagawidwa?" adafunsa Njiri akucheukacheuka.

"Nanga amayi anu moto ankakaupala kuti? Tapatukani ndidutse. Ndipo za chinangwa zija sindinaiwale."

Njiri adagwidwa ndi manyazi. Chibadwire chake moto ankapalirana khomo ndi khomo, koma nyengo yozizira imodzi yokha idakwanira kumuiwalitsa. Atafika kunyumba adaika timapalipali ta paini pakhala lija nauzira. Moto udayaka, ndipo dzuwa lisanakwere kamwana kaja kadayamba kufunafuna bere.

Masana ake Njiri adakadula muwanga nausenza. Pamphambano adayang'ana phiri lija, adayang'ananso khomo lake, miyendo n'kusankha yokha. Madzulo adasonkha paini pansi, muwanga pamwamba, ndipo m'mawa makala anali psuu. Nungu adabwera ndi phale, osapereka n'komwe moni. Pambuyo pake padabwera Gwape, kenaka Nkhanga, aliyense akunena kuti amangodutsa.

Mzere wa kunyumba yachifumu udayamba kufupika. Lidafika tsiku loti Nyani adalankhula za chitukuko cha nkhuni kwa Bilimankhwe yekha, amene adanyamuka kwawo kale nkhanizi zisanamveke. Muwanga wosungidwa uja nawo unali utatha, poti achibale a mfumu ankautetezera pamoto usana ndi usiku.

M'mawa wina wa chifunga, pakhomo pa Njiri padaima Fisi, mano akugundana.

"Njiri, wamangidwa. Mlandu wako ndi wosunga moto popanda chilolezo. Ndatumidwa kudzauzimitsa."

Njiri adacheukira kumoto. Kamwana kaja kanali kasanalimbe, ndipo kanali gone pafupi ndi mafuwa. Fisi adalowa, nayandikira moto, natambasula manja. Adakhala choncho kanthawi ndithu, maso ali tsinzi.

"Komabe," adatero, "mlandu waukulu chonchi sitiuthamangira. Umafunika kuufufuza mofatsa, mwina mpaka mu Ogasiti."

"Nanga amfumu akumva bwanji kumtundako?" adafunsa Nasibeko.

"Amfumu ake ati, mlamu? Inetu mfundo ya paini ija ndinkaitsutsa kuchokera pachiyambi, kungoti ndinkatsutsira mumtima. Achimwene, tasunthani kamwanako pang'ono, ndikhale bwino."

Njiri, amene chibadwire anali asanakanizepo wamkulu kanthu, adaponya chikuni china pamoto.

"Kamwanako sikasuntha," adatero. "Inu kafufuzireni kuchitseko uko. Pali mpata umene umalowetsa mphepo, ndipo msana wanuwo ukwanapo bwino."

Nduna idakakhala kuchitseko, ndipo mphepo idasiya kulowa.